Mluzu wa Ababa

Galu wa ababa alibe dzina. Ababa ankati galu wa ntchito sapatsidwa dzina, chifukwa wakuba akangolimva amadzamuitana ngati mnzake. Choncho kwathu ku Bangwe tinkangoti galu wa ababa, ndipo mpaka lero timatero.

Ndi galu wachikuda, wofiirira, wa makutu oimirira, ndipo pachifuwa ali ndi kabanga koyera. Lamba wa m'khosi mwake ababa anamudulira pa lamba wawo wakale wa thalauza. Ababa anali mlonda panyumba ina ku Chinyonga. Tsiku lililonse ikamakwana folo koloko ankavala chijasi chawo, kunyamula tochi, chibonga ndi kontena ya chakudya, n'kuuyamba ulendo wapansi galuyo ali pambuyo. Minibasi sankakwera chifukwa makondakitala salola galu. Ankabwerako m'mawa, ine ndikumanga zingwe za nsapato za kusukulu. Ankandigwira pamutu ndi dzanja lozizira, galuyo n'kundinunkhiza siketi, kenako onse awiri n'kukagona, wina m'chipinda, wina panja pansi pa zenera la chipindacho. Galuyo ankadyera kuntchito komweko. Kunyumba tinkangomuikira madzi.

Ndili ndi kope limene ndimalembamo zochitika za tsiku. Ndikamawerenga la chaka chatha ndimadabwa kuti ababa sapezekamo kwenikweni mpaka mwezi wa Juni. Muli mayeso, muli anzanga, muli nsapato zimene ndinkasirira pawindo la sitolo ku Limbe. Ababa ndinkawaona pang'ono m'mawa, pang'ono madzulo, ndipo ndinkayesa kuti zidzakhala choncho mpaka kalekale. Galu uja ankawadziwa kuposa ine.

Mu Juni muja, ndili Fomu 3, ababa anagwa pageti m'mawa akuti azibwerera kunyumba. Abwana awo anathamangira nawo kuchipatala, ndipo galuyo anafika kwathu yekha dzuwa litakwera. Madokotala anati ndi sitiroko. Atatuluka m'chipatala, dzanja ndi mwendo wakumanja zinali zitafooka, pakamwa patapotoka, mawu akuvuta kutuluka. Ochepa amene ankatulukawo ambiri anali a Chisena, chinenero cha kwawo, ngati kuti matendawo anafufuta zaka zonse za m'tauni.

Azakhali, mlongo wawo wa ababa, anabwera kuchokera ku Nsanje. Anayang'ana nyumba yathu, njira ya miyala yokwera kuchokera kumsewu, chimbudzi chakuseri, ndi mphepo ya ku Bangwe ikulowa pansi pa chitseko. Anati amayi amakhala kumsika kugulitsa tomato, ine ndimakhala kusukulu, nanga wodwalayo azikhala ndi ndani? Kumudzi kuli manja ambiri, ndiponso kumatentha. Amayi sanatsutse.

Tsiku lonyamuka, ababa atawakhazika pampando wakutsogolo wa galimoto, anandigwira ndi dzanja lamanzere n'kuloza galuyo. Anasongola milomo, koma kunangotuluka mpweya.

"Ndamva ababa," ndinatero. "Ndimusamala. Mudzamupeza mmene mwamusiyira."

Anapukusa mutu. Anasongolanso milomo, misempha ya m'khosi mpaka kuoneka.

"Musadzivutitse achimwene, mwana wamva," anatero azakhali, n'kutseka chitseko.

Ndinagwira galuyo palamba mpaka galimoto inazimiririka. Ndinali ndisanamve kalikonse.

Sabata ya kuchipatala ija palibe amene anamulabadira galuyo. Tinkamuponyera mkute osayang'ana ngati wadya. Ababa atapita m'pamene ndinayamba kuonetsetsa. Tinamumanga pamtengo wa mapeyala, chifukwa folo koloko ikakwana ankafuna kuthamangira ku Chinyonga. Ndinamuphikira phala la gaga, n'kuthiramo zinyenyeswa za bonya zimene amayi anapempha kwa mnzawo wa benchi la nsomba. Ndinaika mbale patsogolo pake. Ananunkhiza, anabwerera m'mbuyo pang'ono, n'kukhala pansi mowongoka. Malovu ankadontha. Sankayang'ana mbaleyo, ankandiyang'ana ine, kumaso, osaphethira.

"Idya," ndinkatero. "Idya, iwe. Ndi zako."

Ankangopendeketsa mutu. Ndikatopa n'kuchoka, nkhuku za aneba zinkabwera n'kumaliza phalalo iye akuonerera. Nthawi zina njala ikamupweteka kwambiri, ndinkamuona ndili pazenera akukwawira kumbale, n'kutsompha kamodzi kapena kawiri, kenako n'kukabisala kuseri kwa mtengo mchira uli pakati pa miyendo, ngati waba. Timatsompho timeneto ndi madzi n'zimene zinkamusunga.

Patatha masabata atatu nthiti zinkawerengeka uli kutali. Mafupa a m'chiuno anatuluka, ubweya unayamba kuthothoka m'mbali, ndipo akaimirira miyendo yakumbuyo inkanjenjemera. Lamba wa m'khosi unkavuka wokha. Ndinaboola bowo lina ndi msomali, patapita masiku ndinaboolanso lina.

Ndinayesa zonse zimene ndinkadziwa. Ndinapita kusitolo ya mankhwala a ziweto ku Limbe, ndipo mayi wogulitsa kumeneko anandipatsa mapilitsi a njoka za m'mimba. Anandilangiza kuti galu woonda sapatsidwa chakudya chambiri nthawi imodzi, koma pang'onopang'ono, kangapo patsiku, chofewa, ndi dzira ngati lilipo. Mapilitsiwo ndinamumwetsa pomutsegula kukamwa ndi manja anga, ndipo sanandilume. Njoka zinatuluka ndithu. Kudya ndiye ayi. Ndinamupatsa dzira limene amayi anandiphikira tsiku la mayeso a masamu. Ndinamubweretsera mapazi a nkhuku okazinga, zipalapasiro zija, zikadali zotentha m'pepala. Ndinayesa kudya ndekha pamaso pake, kutafuna mokweza, kuti mwina asirire. Zonsezo ankakhala mowongoka n'kumandiyang'ana.

Lamlungu lililonse tikachokera ku Misa tinkaimba foni ku Nsanje. Azakhali ankaika foniyo pakhutu la ababa. Amayi ankalankhula zambiri, za kumsika, za anthu a kumphakati amene akuwapempherera, ababa n'kumangoti "mm." Ikafika nthawi yanga ankafunsa mawu amodzi okha.

"Mwanambwa?"

Ndi mmene amamutchulira galu pa Chisena.

"Ali bwino ababa. Akudya kwambiri."

Ndinkangomva kupuma kwawo mpaka azakhali atatenga foni. M'kope langa muli Malamlungu atatu otsatizana amene ndinalemba mzere umodzi womwewo: lero ndanamanso. Ndinkadziuza kuti munthu wodwala sauzidwa zomudandaulitsa. Koma chimene ndinkaopa kwenikweni chinali china. Mumtima mwanga ndinali nditamanga zinthu ziwirizi pamodzi, kuti galuyo akakhala ndi moyo ababa adzabwera, akafa sadzabweranso. Ndikudziwa kuti si nzeru za munthu wophunzira sayansi, koma ndi mmene ndinkaganizira.

Lolemba lina madzulo aneba athu, bambo wa ukalipentala, anaima pampanda pensulo ili kukhutu.

"Mayi, galuyu mukumupha nokha," anauza amayi. "Ameneyu ali ndi nyongolotsi pansi pa lilime. Kwathu timangomugwira, kutembenuza lilime, lezala kamodzi, yatuluka. Mawa lake amadya ndi mbale yomwe."

"Safa nazo?" anafunsa amayi.

"Afe bwanji? Agalu anga onse atatu ndinawachotsa."

"Nanga ali kuti agaluwo?" ndinafunsa.

"Awiri anagundidwa ndi galimoto, si nkhani ya lezala imeneyo." Anandiyang'ana akuseka. "Asukulu inu, munthu asanamalize kulankhula mwakweza kale mkono."

Ndinati mayi wa kusitolo uja anandichenjeza za zimenezi. Anati kanthu koyera kamene anthu amachotsako si nyongolotsi, ndi mbali ya lilime lenilenilo, galu aliyense amabadwa nako. Ndipo galu wofooka chonchi akataya magazi sangadzuke.

Amayi anali atatopa. Anali atangotula dengu, mapazi ali fumbi lokhalokha.

"Iwe, zako wayesa masabata atatu," anatero. "Mapilitsi wamwetsa, dzira langa wataya. Ukufuna bambo ako adzamve kuti tinangomuyang'ana mpaka kufa? Aneba, Loweruka m'mawa mubwere nalo lezalalo."

Lachitatu kunabwera uthenga wochokera ku Chinyonga woti tikatenge katundu wa ababa amene anatsala tsiku lija. Amayi anandituma ndikaweruka kusukulu. Wantchito wa m'nyumbamo anandipatsira pageti jumbo yokhala ndi chijasi, tochi ndi kontena ija, yotsukidwa bwino. Chijasicho chinkanunkhirabe utsi wa mbaula. Ndinaima pamsewu nditachikumbatira, osadziwa kuti ndiyambire pati kuyenda.

"Mwanangu, si iwe mwana wa mnzanga wa apa?"

Anali mlonda wa nyumba yoyandikana nayo, bambo wachikulire wa kachisoti koyera, atangofika kumene pantchito. Anati iye ndi ababa akhala akuchezera limodzi zaka zambiri, wina mbali iyi ya mpanda, wina mbali inayo, kupatsirana makala ndi tiyi pamwamba pa waya. Anafunsa za ababa, ndinafotokoza. Kenako anati, "Nanga msilikali uja ali bwanji?"

Ankanena galuyo. Misozi inangoyamba yokha. Anandikhazika pabenchi lake n'kudikira mpaka nditafotokoza zonse, za nthiti, za nkhuku, za lezala la Loweruka.

"Mukamuikira chakudya amatani?" anafunsa.

"Amakhala pansi n'kumandiyang'ana."

"Pati?"

"Kumaso."

"Si kumaso. Amakuyang'ana pakamwa. Mumamuimbira mluzu?"

"Mluzu wanji, agogo?"

Anavula kachisoti kake, n'kukavalanso. "Bambo ako sanakuuzeni? Iyayi, akanakuuzani bwanji."

Anandifotokozera. Kale, galu uyu asanabadwe, ababa anali ndi galu wina pamalopo. Akuba anaponya nyama yothira tameki, mankhwala ophera makoswe aja, ndipo galuyo anafera m'manja mwawo. Anamukwirira okha kuseri kwa mpanda. Atapeza kagalu aka analumbira kuti sikadzadya chilichonse chimene iwo sanaloleze. Ankaika chakudya pansi, kakati kadye, kamtengo pamphuno. Kadikire. Akaimba mluzu, m'pamene kazidya. Anakaphunzitsa choncho miyezi ndi miyezi.

"Ine ndi Msilamu, galu sindimugwira," anatero mkuluyo. "Koma pantchito imeneyi ndinalembedwa. Ine ndinali wakuba. Ndinkaponya nyama kuchokera mbali inoyi, yabwinobwino, ya mbuzi. Zaka zisanu ndakhala ndikuba pamenepa, sanadyepo ngakhale kamodzi. Nyama yanga inkangothera nyerere."

Ndinakumbukira milomo ya ababa m'galimoto muja.

"Imbani ndimve, agogo."

Anaseka, n'kundionetsa m'kamwa. Mano akutsogolo kunalibe. "Mano anapita, mluzu unapita nawo. Unali wokwera, kenako wotsika, kenako tiwiri tifupitifupi. Kapena titatu. Ndinkaumva tsiku ndi tsiku, koma munthu susunga kiyi wa nyumba ya mnzako. Panali wina woitanira, wina wodyera, usaisokoneze. Ndipo ankadyera pachivindikiro cha kontena imeneyo, osati m'mbale."

Nditaimirira kuti ndizipita anawonjezera. "Usakapemphe mwamuna wapafupi kuti azikuimbirani. Wakunja akaudziwa mluzu umenewo, ntchito yonse ya bambo ako yagwa. Ukhale wa m'nyumba mwanu."

M'nyumba mwathu tinatsala awiri, amayi ndi ine. Ndipo kwathu mtsikana saimba mluzu. Ndili wamng'ono ndinayesapo kutsanzira anyamata a mpira, amayi anandimenya pakamwa ndi chikhatho n'kunena kuti zimenezo n'za oweta mbuzi, anthu adzati pakhomo pano palibe mwambo. Kuyambira tsiku limenelo sindinayesenso. Amayi nawonso, ndikhulupirira, chibadwire anali asanasongolepo milomo.

Ndinayamba kuphunzira tsiku lomwelo, ndikuyenda kuchokera pasiteji. Kunkangotuluka mpweya ndi malovu. Lachinayi pa buleki ndinakabisala kuseri kwa makalasi n'kumayesa mpaka masaya anawawa. Mnzanga wina anandipeza n'kufunsa ngati dzino likundipweteka. Pobwerera kunyumba, pafupi ndi mjigo, kanatuluka kaphokoso kakang'ono ngati ka mwanapiye. Ndinaima pakati pa njira n'kuyesanso.

Lachisanu nditaweruka ndinaphika phala, ndinaliziziritsa, n'kuika pang'ono pachivindikiro cha kontena. Galuyo atachiona chivindikirocho anadzuka, anachinunkhiza nthawi yaitali, n'kukhala mowongoka. Ndinayang'ana uku ndi uku. Ndinaimba: wokwera, wotsika, tiwiri tifupi.

Makutu ake anaimirira. Anatembenuka, n'kuthamangira kunjira ndi mphamvu zimene sindinkadziwa kuti akadali nazo, mpaka chingwe chinamugwetsa. Anadzuka n'kumayang'ana kumsewu, mchira ukugwedezeka, akulira pang'onopang'ono. Ndinali nditaimba china chofanana ndi woitanira uja. Ankayesa kuti ababa afika.

Ndinakhala pansi pafumbi n'kuphimba nkhope.

"Ndani akuimba mluzu pakhomo panga?"

Amayi anali ataima pakona ya nyumba, dengu lili pamutu. Ndinawauza zonse, mmene mkulu uja anandiuzira. Ndinkadikira chikhatho. Anatula dengu, anakhala pakhonde, n'kuyang'ana galuyo nthawi yaitali.

"Zaka zonsezi ndamuphikira munthu ameneyu chakudya cha m'kontena," anatero motsitsa. "Osadziwa kuti amadya bwanji kumeneko." Anapukuta kumaso ndi nsonga ya chitenje. "Ndiye mluzuwo sukuudziwa bwino?"

"Ayi."

"Woudziwa ndi mmodzi. Tenga foni."

"Amayi, ndinawauza kuti akudya."

"Ndiye ukawauze kuti sakudya."

Dzuwa linali litapendeka. Azakhali anadabwa kuti tikuimba Lachisanu, anayamba kufunsa ngati kwagwa zovuta. Amayi anawapempha kuti aike foni pa sipika, pafupi ndi ababa. Ndinagwada pafupi ndi chivindikiro chija, foni ili m'manja.

"Ababa, ndine. Ndakhala ndikukunamizani. Galu sakudya. Waonda kwambiri. Ndikhululukireni."

Ndinkamva nkhuku za ku Nsanje ndi mwana wina akulira patali. Kenako mawu awo anabwera, olemera, limodzilimodzi.

"Ndi-ma-dziwa."

Ankadziwa kuyambira Lamlungu loyamba. Akanadya bwanji, palibe womuimbira? Masabata onsewo ankandimvera ndikunama, alibe mawu okwanira ondiuzira chochita.

"Ndikufuna mundiphunzitse mluzu wodyera," ndinatero. "Ndiziimba, inu muzindikonza."

Ndinaimba motsitsa, nditafulatira galuyo.

"Nkhabe," anatero ababa. Ndiye kuti ayi.

Ndinaimbanso.

"Nkhabe."

"Dikira, akukweza chala," analowerera azakhali. "Akuti poyambapo. Chala chikutsika. Eya, ukuyambira pamwamba n'kutsika, osati kukwera. Achimwene, ndi choncho? Akugwedeza mutu." Anapumira m'mwamba. "Mwana wamkazi wa mlongo wanga akuimba mluzu ngati woweta mbuzi, ine n'kumamuthandiza. Mlamu, muli pomwepo inu?"

"Ndili pompano," anatero amayi. "Ndikulondera kuti anthu asamve."

Kunamveka kulira kwa supuni pakapu. Ababa ankagogoda ndi dzanja lamanzere: kamodzi, n'kudikira, kenako katatu mofulumira. Mkulu wa ku Chinyonga uja anali atasokoneza. Unali umodzi wautali wotsika, ndi titatu tifupi. Ndinayesa, milomo inauma, kunatuluka mpweya wokha. Ndinanyambita milomo n'kuyesanso. Nkhabe. Wautaliwo ndinkaufupikitsa. Supuni inagogodanso, moleza mtima, ngati mmene ankagogodera chitseko m'mawa kuti asatidzidzimutse.

Sindikudziwa kuti kanali kachingati. Ndinaimba, ndipo ababa asanayankhe ndinamva kumbuyo kwanga lilime likukhudza pulasitiki. Ndinatembenuka. Galuyo anali ataweramira pachivindikiro, akudya, miyendo ikunjenjemera, diso limodzi lili pa ine.

Ndinangotsitsa foni pafupi ndi pakamwa pake kuti ababa amve okha. Ku Nsanje kunamveka phokoso limene sindinalidziwe ngati kunali kuseka kapena kulira.

"Achimwene, pang'onopang'ono," anatero azakhali, mawu awo nawonso atasintha.

Tsiku lomwelo ndinalakwitsa. Chifukwa cha chimwemwe ndinadzazanso chivindikirocho kawiri, ndipo anasanza zonse. Ndinakumbukira malangizo a mayi wa kusitolo uja. Ndinadikira, n'kumupatsa masupuni ochepa okha, ndipo amenewo anakhala.

Loweruka m'mawa aneba anafika ndi lezala latsopano lili m'kapepala kake. Anapeza galuyo akunyambita chivindikiro, ine nditaima poteropo ngati sindikudziwa kanthu.

"Wadya?" anafunsa.

"Wadya," anatero amayi.

"Mwamuchita chiyani?"

"Mapemphero, aneba."

Anayang'ana galuyo, anayang'ana lezala lake. "Nyongolotsi ija yamva kuti ndikubwera," anatero, n'kubwerera kukapala matabwa ake.

Kuonda kumafulumira, kunenepa kumachedwa. Masabata awiri oyamba sindinkaona kusintha kulikonse, kupatula kuti anasiya kunjenjemera. Ndinkamupatsa kanayi patsiku, pang'onopang'ono: phala la gaga lofewa lothira bonya, nthawi zina dzira, kenako msuzi wa mafupa amene amayi ankabwera nawo kuchokera kubutchala. Ndinkamudyetsera kuseri kwa nyumba, kumene kuli phokoso la chigayo cha kumunsi, kuti mluzu usamveke patali. Tinasiyanso kumumanga tsiku lonse. Madzulo ndinkayenda naye pang'ono, poyamba mpaka pamjigo, kenako kupitirirapo.

Vuto linali chakudya cha masana, ine ndili kusukulu. Amayi anati azibwera kuchokera kumsika n'kumuikira, kaya adya kaya sadya. Tsiku lina aphunzitsi anali ndi msonkhano ndipo tinaweruka msanga. Nditazungulira kuseri kwa nyumba ndinapeza amayi atanjuta, chitenje atachipanira m'mawondo, milomo atasongola, akungotulutsa mpweya. Galuyo anali atakhala mowongoka patsogolo pawo, akuwayang'ana pakamwa moleza mtima.

"Ukuyang'ana chiyani?" anatero atandiona. "Kavule yunifolomu."

Zinawatengera masabata awiri. Mluzu wawo ndi wotsika, wosasa pang'ono, koma galuyo amaulandira. Sitinakambiranepo za nkhaniyi, ndipo ndikudziwa kuti azimayi a kumphakati sadzaimva.

Pofika nthawi ya mvula nthiti zinali zitabisika. Ubweya unamera, kabanga koyera kaja kanayeranso. Lamba ndinaubweza pabowo loyamba limene ndinaboola, kenako pa la ababa lenilenilo, lakuda ndi kutha m'mbali. Tsiku limenelo ndinalemba tsamba lathunthu m'kope.

Tsopano ndili Fomu 4. Ababa akadali ku Nsanje. Azakhali akuti ababawo amayenda ndi ndodo mpaka kutchalitchi, ndipo pafoni amatha kunena chiganizo chathunthu akapuma pakati. Anandifunsa za mayeso, anandifunsanso ngati denga la kukhitchini likudonthabe. M'miyezi imeneyi ndalankhula nawo zambiri kuposa zaka zonse zimene tinkakhala nyumba imodzi. Mluzu sunabwerere. Akuti amayesa m'mawa uliwonse atakhala pansi pa mtengo, ndipo ana a kumeneko amawaseka, iwo n'kumaseka nawo. Za kubwera amati nyengo yozizira ikadutsa. Chaka chatha analinso atanena kuti mvula ikatha. Ine ndimawerengera yozizirayi.

Lamlungu safunsanso kuti mwanambwa. Amangoti, "Imba." Ndimaika chakudya pachivindikiro, ndimaimba, n'kutsitsa foni kuti amve. Kontena yeniyeniyo ili pashelefu, yotsuka, ndipo chijasi chili pamsomali kuseri kwa chitseko.

Folo koloko ikakwana galuyo amadzukabe n'kukaima panjira. Ndikakhala kuti ndilipo ndimasiya mabuku n'kutsika naye mpaka pasiteji. Timaima pambali, pafupi ndi amayi ogulitsa chimanga chootcha, n'kumaona maminibasi ochokera ku Limbe akutsitsa anthu. Iye amayang'ana miyendo, ine ndimayang'ana nkhope. Akatsika bambo wa ndodo tonse awiri timasuntha pang'ono. Akadutsa maminibasi asanu kapena asanu ndi imodzi timabwerera, chifukwa ndimakhala ndi homuweki.

Azakhali anandifunsa tsiku lina ngati ndikufuna kuti ababa andiphunzitsenso woitanira uja, poti supuni ndi kapu zilipo. Ndinakana. Ndinaona mmene galuyo anathamangira Lachisanu lija mpaka chingwe kumugwetsa, ndipo sindikufuna kuti adzathamangenso choncho n'kupeza ine. Akasochera ndimamuitana poomba m'manja, amabwera. Mluzu umenewo ndawasungira eni ake.